Nambala Yotsala

Curtis atagwada mwadzidzidzi m'chipale chofewa, fosholo ili poteropo, dzanja lili pachifuwa, Marlene anatulutsa foni nthawi yomweyo. Ku Windsor kumene iye anakwatiwa, dziko lina tsidya la mtsinje, munthu akagwa mumangoitana ambulansi basi.

Koma kuno kunali ku Detroit. Curtis, mlongo wake wamng'ono, anamugwira dzanja mwamphamvu.

"Achemwali, musaimbe."

"Wapenga iwe? Thukuta lonseli kuzizira kuno?"

"Inshuwalansi yakuchipatala inatha tsiku limene anatichotsa ntchito kufakitale. Galimoto imeneyo ikangoima pano, nyumba iyi yapita ndi ngongole. Ana azikagona kuti?"

"Dziko lanji ili, loti munthu aziopa ambulansi kuposa manda? Kwathu zimenezi kulibe!"

Curtis anayesa kuseka, koma kunangotuluka befu. "Kwanuko? Kumene bondo lanulo lakalambira pamzere kudikira dokotala?"

"Ndikudikira ndili moyo, wouma mutu iwe!"

"Ndi chilungulira chabe. Ndipume kaye, ndiyendetsa ndekha kupita kuchipatala."

Marlene anayang'ana kumapeto kwa msewu. Nyumba zazitali za ku Windsor zinkaoneka bwinobwino, pafupi moti ukhoza kuzigenda. Anayesa kusolola dzanja lake, koma zala za Curtis, zozolowera kumanga zitsulo, zinakana.

Marlene anali atadina kale manambala awiri mwa atatu oitanira ambulansi. Anagwada naye limodzi m'chipalemo, maso ali pa nambala yotsalayo, nayamba kudikira kuti dzanja la mlongo wake lifooke.