Ngalawa Yomangidwa M'maso

Chithunzi chopachikidwa m'nyumba yomweramo tiyicho chinali chokongola, Delong anavomereza. Ngalawa zikubwera ndi nsomba, amayi akusoka maukonde, doko la kwawo monga analisiyira ali mnyamata.

"Koma wojambulayu ndi mlendo," anauza mlongo wake Suzhen. "Ngalawa iyi yakalambira pamtunda, koma maso ake opentedwa kutsogolowa ngophimbabe ndi nsalu yofiira. Nsalutu mwini wake amaichotsa tsiku loilowetsa m'madzi."

"Kani mukukumbukira, achimwene ophunzira?" Suzhen anaseka pang'ono. "Sanalakwitse ayi. Bambo anakhomera inu ngalawayo. Ankati mubwera mudzaimasule nokha."

Delong anavula magalasi.

"Ili kuti pano?"

"Tinaiwaza nkhuni iwo atamwalira. Nyanja sinaione."