Hutala ya Pakona ya Osoka Matumba

Abale, ku Balaka nkhani siigona. Kuyambira kumjigo mpaka kuchigayo anthu ankangonong'onezana kuti a Uladi, oyendetsa fokolifiti ku shedi ya nandolo ija, agwa m'chikondi ndi Luckness wosoka matumba.

Umboni ati unalipo. Amayi ogulitsa zitumbuwa pageti ankadzimvera okha. Kagalimoto ka mano awiri kaja kakangofika pakona ya osoka matumba, hutala pii! pii! pii! Tsiku lonse. Wina anasuzumira pampanda n'kuona kakuyenda chafutambuyo, woyendetsa atapotolera khosi komweko.

Maryam, mkazi wa a Uladi, poyamba ankati ndi nsanje chabe. Koma atapeza ulusi wa matumba pamalaya a bambowo kachitatu, mtima unamuwira. Analumbira kuti akangowagwira, tsiku lomwelo abwerera kwa amayi ake ku Ngokwe, banja lithere pomwepo.

Lachinayi anafika pashedipo ndi kontena ya mpunga, ngati wabweretsa nkhomaliro.

"Muziyenda m'kati mwa mzere wachikasuwo, mayi," anatero mlonda. "Kunjako ndi njira ya fokolifiti."

"Ndamva, bambo."

Koma munthu wokagwira mwamuna amaonanso mzere? Maryam anakabisala kuseri kwa mulu wa matumba, pafupi ndi kona ija. Posakhalitsa kagalimoto kaja kanatulukira chafutambuyo, katasenza matumba otalika kuposa chitseko. Woyendetsa ali mu ovolosi, chisoti kumutu, kansalu ka fumbi mpaka m'maso.

Pii! Pii! Pii!

Maryam anadumphira pakati pa njira, kontena m'mwamba.

"Lizaninso, Che Uladi! Lizani ndimve! Ine zaka zisanu ndi ziwiri, munandilizirapo ngakhale belu la njinga?"

Buleki tswii! Mwayi wake kankayenda pang'onopang'ono, katundu ali mmunsi. Matumba anangogwedera, osagwa. Woyendetsa anatsitsa katundu mpaka pansi, kukoka buleki ya pamanja, kuzimitsa injini, kenako n'kumatsika modekha ngati mkwati. Kudekhako ndiye kunamupsetsa mtima Maryam kwambiri.

A Yotamu, akapitawo, anabwera chothamanga, mimba patsogolo.

"Mayi inu, mwatopa nawo moyo? Chinthu ichi chikakupondani sitikutolani!"

"Chindiponde! Si chizolowezi chake kulizira atsikana?"

"Iyayi, hutala pakona ndi lamulo, kuti oyenda pansi apatuke. Ndipo katundu akatseka kutsogolo, woyendetsa amabwerera chafutambuyo kuti aziona njira."

"Lamulo? Lamulo lake logwira pa Luckness yekha? Ali kuti mtsikanayo, ndimuone kukongola kwakeko!"

Woyendetsa uja anavula chisoti, n'kutsitsa kansalu.

"Ndili pano, mayi. Luckness ndine. Amuna anu ndi awo."

Maryam anacheuka. Pakona paja a Uladi anali khale pansi, chisingano m'manja, akuyesa kubisa mutu m'thumba lopanda kanthu.

"Uno ndi mwezi wachiwiri akusoka," anatero a Yotamu. "Tinawalanda kiyi titawapeza atakweza mnzawo pa mano a fokolifiti, m'mwambamwamba, akuthyola mango kuseri kwa shedi. Kiyiyo tinapatsa Luckness, iwo n'kutenga malo ake osokera."

Ndiye inu mukadakhala Maryam, mukadangoseka n'kuwapatsa mpungawo, kapena mukadayamba mwafunsa kuti mangowo ankathyolera ndani?