Diso la Nsomba ya Malemu Boakye

Panali mayi wina kuno ku Kumasi, dzina lake Afrakoma. Mwamuna wake, a Boakye, atamwalira anasiya thanki yagalasi pabalaza, muli nsomba zokongoletsa nyumba. Yaikulu mwa zonse, yakuda ya mawanga ofiira, malemu anailera kuyambira ili ngati chala, ndipo inkadyera m'manja mwawo.

Chaka chitatsala pang'ono kukwana, abale a mwamuna akukonzekera kudzamuvula zovala zakuda, diso la nsomba ija linatupa n'kuyera ngati mkaka. Afrakoma anaitana mlamu wake Konadu, mchemwali wa malemu, amenenso amasunga nsomba.

"Mlamu, madzi awa aipa," anatero Konadu. "Iyi muipatule, ikhale m'beseni payokha. Madzi muzisintha pang'onopang'ono, ndipo akhale ogonetsa, osati ongotunga pampopi. Diso lotere silifuna phuma."

"Ndiye Loweruka abale anu apeze nsomba ya m'bale wawo ili m'beseni ngati ya ndiwo? Adzati mkazi uyu walephera kusamala ngakhale nsomba."

"Asiyeni anene. Inu mukufuna nsomba kapena pakamwa pa anthu?"

Afrakoma anangoti wamva.

Mawa lake ali m'minibasi yopita kumsika wa Kejetia, bambo wina wovala jekete anaimirira n'kuyamba kutsatsa mankhwala a maso.

"Nanga diso la nsomba amachiza?" anafunsa Afrakoma. Anthu anaseka.

"Mayi anga, diso ndi diso, kaya la munthu kaya la mbuzi," anatero bamboyo. "Thirani botolo lonse. Mawa nsombayo ikuwerengerani nyuzipepala."

Anagula. Atafika kunyumba anavuula nsomba zonse, natsuka thanki ndi sopo kuti galasi liwale pamaso pa alendo. Anadzazamo madzi a pampopi, nakhuthuliramo botolo lonse, n'kubwezeramo nsomba, yodwala ndi zabwinobwino zomwe.

Pofika madzulo zonse zinali pamwamba, kukamwa kuli yasa. Zing'onozing'ono zinayamba kutembenuka mimba. Anamuimbira Konadu, amene anathamanga ndi chigubu cha madzi a kwake, koma yaikulu ija inali itagona kale chammbali.

"Diso lija likanapola, mlamu," anatero Konadu motsitsa mawu. "Chikupha nsombayi si matenda ayi."

Inafa Loweruka m'mawa, alendo akutsika galimoto pageti. Mwambo unachitika, Afrakoma anavala zoyera. Anthu atakhala pansi kuti adye, amalume a malemu, munthu wokalamba amene maso ake saonanso bwino, anadzuka ndi ndodo yawo n'kupita pa thanki paja. Anagogoda galasi ndi chala, nadikira.

"Mwana wanga, bwenzi la Boakye lija labisala pati? Ndati ndilipatse moni."

Afrakoma anaphimba nkhope ndi nsalu yake yoyera, ndipo chakudya chija chinazizira m'mbale.

Phunziro: Chimene wakusiyira wokondedwa usachiyesere mankhwala a munthu amene sukudziwa kwawo, ndipo usaphe chamoyo chifukwa choopa zonena anthu. Nsomba ikadwala diso, ipatule, samala madzi, funsa odziwa, dikira. Ine ndasunga nsomba kuyambira ana anga ali kusukulu, thanki yanga aliyense amaisirira, ndipo sindinatayepo ndi imodzi yomwe chifukwa cha diso, poti ndikauzidwa ndimamva. Tumizirani ena uthengawu, makamaka aja amagula chilichonse m'minibasi.