Nyenje M'mahedifoni a Medson

Lajabu atalowa m'situdiyo, Medson sanamupatse moni, ngakhale mpando. Anangoloza patebulo. Pambali pa kompyuta panali kabokosi kakuda, ampu ya mahedifoni imene anabwereka kwa mnzake wa ku Mbedza.

"Lero ndikusankha," anatero Medson. "Ampu iyi kapena saundikhadi yako ija. Ndikasankha ampu, pakhomo pano usadzapondenso."

Awiriwa ankagona chipinda chimodzi kukoleji. Atamaliza maphunziro, Lajabu anatsegula kashopu ka zipangizo za makompyuta pafupi ndi msika. Medson anatsegula situdiyo ku Zakazaka, kuseri kwa chigayo. Chifukwa cha chigayocho, ntchito yonse ankaigwira atavala mahedifoni akuluakulu otseka makutu. Pamene ankafuna kugula ampu, Lajabu ndiye anamuletsa. Anati ampu ntchito yake n'kukweza mawu basi, pomwe khadi yabwino yoika m'kati mwa kompyuta imathandiza pojambula ndi pomvera pomwe. Medson anagula khadiyo kwa Lajabu. Munthu amene munkadyera naye bonya m'mbale imodzi angakunamize?

Kenako kunabwera nyenje. Akangovala mahedifoni, kaphokoso kopyapyala kankayamba: tsiii, osapumira. Anasintha mawaya. Anapukuta fumbi. Anasunthira kompyuta kukhoma lina. Nyenje ili pompo. Pa intaneti anawerenga kuti khadi ya m'kati imatola phokoso la magetsi a kompyuta, ndipo ikakhala yafeki ndiye kwatha. Apo zonse zinamveka.

Nthawi imeneyo n'kuti akukonza nyimbo za kwaya ya achinyamata a CCAP, ntchito yaikulu kuposa zonse zimene anapezapo. Pofuna kupha nyenjeyo, anadula mawu onse okwera m'nyimbozo. Benedicta, wotsogolera kwayayo, atamvera anafunsa ngati masoprano ake anawajambulira m'chitsime. Anavalako mahedifoni n'kunena kuti iye sakumva nyenje iliyonse. Medson anangomwetulira. Makutu a anthu a kwaya amadziwa Amen yekha. Koma Benedicta anatsanzika ndi mawu olemera: zikapanda kusintha pofika Lamlungu, nyimbo azitengera ku Blantyre.

Tsiku lomwelo Medson analemba pa gulu la WhatsApp la anzawo akukoleji kuti anthu asamale ndi amalonda amene amagulitsa mafeki ngakhale kwa abale awo. Dzina sanatchule. Pagulu ponsepo wamalonda anali mmodzi.

N'chifukwa chake Lajabu anali atabwera masana amenewa, atachokera kumzikiti, chipewa chake choyera chidakali kumutu.

"Wandiyalutsa, aise," anatero. "Makasitomala awiri abweza katundu. Wallahi, ndikulumbira, khadi imeneyo ndi yeniyeni. Ndinawavala ndekha mahedifoni akowo, sindinamve kanthu."

"Wogulitsa nsomba samva kununkha."

"Ampuyo waiyesa?"

"Ndimafuna ndiiyese iwe ulipo, uchite manyazi pamaso panga."

Lajabu anayang'ana ampu, anayang'ana kompyuta, kenako anamuyang'ana Medson nthawi yaitali.

"Chabwino. Koma tiyese mwachilungamo. Ukaona kumene ndalumikiza, mtima wako usankha makutu asanamve. Tembenuza mpando, uyang'ane kukhoma. Ine ndizilumikiza waya osakuuza, nyimbo osaika. Iwe uzingonena zimene ukumva. Ukaigwira khadi yanga, ndikapepesa pagulu paja ndi dzina langa."

Medson anaseka. Mayeso oterewa ankawakonda. Kuyambira ali Fomu 2 ankayendetsa zoimbira m'maukwati ndi m'mazinkhoswe, tsiku lonse ali chiimire pafupi ndi masipika. Gitala ikaphonya pang'ono ankaidziwa woimbayo asanadziwe.

"Makutu awa ndi amene amandidyetsa," anatero akutembenuza mpando. "Sanandinamizepo. Si ngati anthu ena."

Anavala mahedifoni. Chigayo chinamveka ngati chasamukira kuseri kwa phiri. Kumbuyo kwake Lajabu anagwiragwira mawaya, kenako anamugogoda paphewa.

Tsiii.

"Ilipo!" anakuwa Medson. "Iyi ndi khadi yako."

Lajabu anagwiragwiranso mawaya, n'kumugogodanso. Medson anatsinzina, n'kupendeketsa mutu ngati nkhuku yomvera mphamba.

"Yachepa. Ikumvekera patali, mwina ndi yotsalira m'waya. Iyi ndi ampu. Ukuona kusiyana kwa chinthu chenicheni?"

Komabe Medson sanali kukondwa ayi. Pansi pamtima ankafunabe kuti vuto likhale lina, kuti Lajabu akhale Lajabu wakale amene anamusamalira usiku ndi usana atadwala malungo chaka chachiwiri kukoleji. Koma umboni ndi umboni.

Kugogoda kwachitatu kunabwera mochedwa, ndipo dzanja la Lajabu linakhalitsa paphewapo.

Nyenje inalira kuposa kale lonse, yakuthwa ngati singano, makamaka kumanzere.

"Wabwerera kukhadi!" anatero Medson. "Ndiwe wakuba, Lajabu. Ukanabera wina aliyense mu Zomba muno, koma ine? Wandiphera ntchito ya kwaya chifukwa cha kaphindu kako. Imva wekha mmene ikulirira!"

Anatembenuka ndi mpando womwe, chala chili m'mwamba.

Lajabu sanali pafupi ndi kompyuta, kapena ndi ampu. Anali ataima kumbuyo kwake, maso ali ofiira, nsonga ya waya wa mahedifoni ikulendewera m'dzanja lake.

"Sindinalumikize paliponse, achimwene," anatero motsitsa. "Katatu konse."

Medson anavula mahedifoni pang'onopang'ono, n'kutseka makutu ake ndi zala. Tsiii.