Ngamila Panjira ya ku Mgodi

Nthawi ya Korona, Lenia, namwino wa ku Midland, anatumizidwa kukapereka katemera ku katawuni ka m'chipululu komwe kale ankakumbako golide. Tsiku lina kutangoda, anamuitana kuti akathandize munthu wobanika ndi mphumu ku mgodi wina womwe unkagwirabe ntchito. Ali m'njira, fumbi lofiira linakwirira msewu, foni n'kutaya netiweki. Sanadziwenso kolowera.

Kenako anamva mabelu. Kutsogolo kwa galimoto kunali ngamila zosenza katundu ndi bambo wina wovala nduwira. Mphepo inkawomba mwamphamvu, koma mkanjo wake sunkagwedezeka n'komwe. Bamboyo anamukodola, ndipo Lenia anatsatira pang'onopang'ono mpaka anaona magetsi a pageti la mgodiwo.

Wodwalayo atayamba kupuma bwino, mtima wa Lenia unakhala pansi. Anafunsa mlonda wachikulire kumene angapeze mwini ngamila kuti akamuthokoze.

"Ngamila zinasiya kunyamula katundu kuno bambo anga asanabadwe," anatero mlondayo. "Mwaona zingati, amayi?"

"Zitatu."

Mlondayo anamwetulira.

"Basi, kagoneni ndi mtendere. Ikakhalapo yachinayi, imabwera yopanda katundu, ndipo imagwada pafupi ndi chitseko chanu kudikira kuti mukwere."