Kadazi Kunkhongo

Ndinabwerera kuntchito kutada chifukwa ndinaiwala kuzimitsa makina oonera tinthu ting'onoting'ono. Ntchito yathu ndi ya makoswe. Timawameta kunkhongo, n'kubaya utoto wobiriwira patsinde la ubongo. Utotowo umakwera m'mitsempha mpaka pamwamba pa ubongo. Tikamupha khosweyo, timadula ubongo wake tizidutswa kuti tione njira imene utoto wadutsa.

Alonda ananditsegulira monyinyirika. "Mayi, makoswe anu lero angoti zii. Sakuguguda n'komwe."

Ndinangowaseka. Ndisanazimitse makinawo, ndinasuzumiramo. Kachidutswa kamene ndinasiyamo masana kanali ka khoswe yemwe ndinamupha ndekha sabata yatha. Muubongo wakufa utoto suyenda. Uwu unkayenda, pang'onopang'ono, kulowera kumtunda.

Nditadzutsa mutu, makoswe onse anali ataima m'timakola tawo. Onse anali atandifulatira, pometedwa pawo pali poyera.

Kumbuyo kwa khosi langa kunazizira ngati padontha madzi.

"Mayi," anatero alonda aja ali pakhomo, akundiunika ndi tochi, "polowa muno tsitsi lanu linali bwinobwino. Wakumetani kunkhongoko ndani?"