Intavyu pa Chulu cha ku Manda

Kwathu ku Ndunde netiweki imagwira pa chulu chimodzi basi, cha m'mphepete mwa manda. Ndiye ndili pamenepo aise, foni m'mwamba, maprofesa atatu a yunivesite ya kunja akundiyang'ana pa sikirini. Intavyu ya PhD, mwayi umene ndausaka chiyambireni kuphunzitsa Chingelezi.

Kenako ndikumva nyimbo. Maliro akubwera, ine ndili chiimire pamwamba, jekete ndi tayi, ndikukuwa Chizungu.

A Greyson, mkulu wa adzukulu, atulukira m'mandamo khasu lili paphewa.

"Iwe Sungani! Ukujambula maliro? Tsika ukhale pansi!"

Ndikatsika, netiweki yapita. Ndikakana, anthu awa sayiwala, tsiku lodzamwalira mayi anga palibe adzagwire khasu.

"So, Sungani, who owns English today?" akufunsa profesa wa magalasi.

A Greyson ayamba kukwera chulu.

"Sorry madam, kuno kuli maliro," ndatero, n'kutsetsereka mpaka pansi.

Nkhope zitatu zija zaima, kenako sikirini bii. Bokosi likudutsa, ine ndakhala pa udzu, ndikuyimba nawo.